Panado Ndi wa Munthu, Si wa Galu

Alimi anzathu, m'kope lino tapatukako pang'ono pa nkhani za feteleza ndi mitengo ya nandolo kuti tikambirane za chiweto chimene chili pafupifupi pakhomo lililonse kuno ku Phalombe, koma sichitchulidwa pa misonkhano yathu. Tikunena galu.

Chimene chatipangitsa ndi nkhani imene membala wina wa kalabu ya mmunsi mwa phiri, cha ku Fort Lister, adafotokoza pa msonkhano. Galu wake adakodwa pa msampha wa waya ndipo adabwera akutsimphina, mwendo utatupa. Usiku wonse adangokhalira kulira. Bambowo atamva chisoni adapita pagolosale m'mamawa, nkugula mapiritsi a Bufen, nkumamuikira mu nsima m'mawa ndi madzulo monga momwe iwo amamwera msana ukamawapweteka. Tsiku loyamba galu adaoneka ngati wapezako bwino. Tsiku lachitatu adayamba kusanza, nkusiya kudya, chimbudzi chake nkukhala chakuda bii. Sabata isanathe adamukwirira kuseri kwa khola. Bala la pamwendo linali litayamba kale kuuma.

Atatha kufotokoza, tidafunsa kuti ndani adampatsapo galu mankhwala a anthu. Manja amene adakwera adali ambiri, ndipo ena mwa ife olemba nkhani ino tidakweza nawo. Choncho sitikuloza munthu chala. Tikungonena kuti chizolowezi chimenechi, ngakhale chimachokera mu mtima wabwino, chikupha agalu athu, chikuika miyoyo yathu pachiswe, ndipo nthawi yakwana yoti tichileke.

Galu ndi wantchito pakhomo

Tikudziwa kuti wina anena kuti, “Galu ndi galu basi, bungwe la alimi latha nkhani kodi?” Munthu wotere ayambe wafunsa mlimi amene munda wake uli m'mphepete mwa nkhalango ya phiri la Mulanje kapena la Michesi. Chimanga chikayamba kukhwima, ndani amathamangitsa anyani ndi apusi? Nguluwe zikalowa mu chinangwa usiku, ndani amayamba kudziwa? Nanga akuba akamazungulira khola la mbuzi, kapena fisi akamayendera pamudzi, amatidzutsa ndani? Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe.

Namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, mabanja ambiri a ku Nkhulambe ndi madera ena adataya ziweto pamodzi ndi nyumba ndi minda. Amene adayambiranso ndi mbuzi imodzi kapena ziwiri akudziwa kuti mbuzi imeneyo ndiye banki yawo, ndiyo fizi ya mwana, ndiyo thumba la feteleza. Mlonda wa banki imeneyi salandira malipiro, amangodya mkute. Akafa, mlonda wina sapezeka tsiku limodzi, chifukwa kagalu kamatenga pafupifupi chaka kuti kakule nkudziwa ntchito. Kotero nkhani ya umoyo wa galu ndi nkhani ya chuma cha mlimi.

Zimene mapiritsiwa amachita m'thupi mwa galu

Mankhwala ochepetsa ululu amene timagula m'magolosale ndi m'maokala ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la paracetamol, amene ambiri timangoti Panado. Gulu lachiwiri ndi la ibuprofen, amene timamudziwa ndi dzina loti Bufen kapena Brufen, pamodzi ndi aspirin, diclofenac ndi Indocid. Onsewa adapangidwa poyeza thupi la munthu.

Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Piritsi limodzi la Panado wa akuluakulu limakhala ndi mamiligalamu 500. Munthu wolemera makilogalamu 60 akamwa awiri, ndiye kuti kilogalamu iliyonse ya thupi lake yalandira mamiligalamu pafupifupi 17. Mapiritsi awiri omwewo tikampatsa galu wa makilogalamu 10, monga alili agalu ambiri a kumudzi, kilogalamu iliyonse yalandira mamiligalamu 100. Kumeneku nkuchulukitsa kasanu ndi kamodzi, ndipo mlingo umenewu ndi umene madokotala a ziweto amati chiwindi cha galu chimayambira kuonongeka. Tsono ganizirani kagalu ka miyezi itatu kolemera makilogalamu atatu okha. Piritsi limodzi lokha ladutsa kale malire.

Panado akachuluka amaononga zinthu ziwiri. Choyamba ndi chiwindi, chimene ntchito yake ndi kusefa zoipa m'thupi. Chachiwiri ndi magazi, amene amalephera kunyamula mpweya. Galu wotere amapuma mwawefuwefu, nkhama zake zimasanduka zotuwa kapena zoderako ngati dothi, nkhope ndi mapazi zimatha kutupa, ndipo pakapita masiku maso ndi m'kamwa zimaoneka zachikasu. Kwa mphaka ndiye nkosayamba nkomwe. Thupi la mphaka lilibe mphamvu yokwanira yosungunulira mankhwalawa, moti ngakhale theka la piritsi likhoza kumupha.

Gulu la Bufen limagwira ntchito mwa njira ina. Limachepetsa ululu potseka timadzi tina m'thupi, koma timadzi tomweto ndi timene timateteza khungu la m'kati mwa chifu komanso kuthandiza magazi kuyenda bwino mu impso. Galu sapirira mankhwalawa monga munthu. Mavuto a m'mimba amayamba kuoneka kuchokera pa mamiligalamu 25 pa kilogalamu, pamene piritsi limodzi la mamiligalamu 400 kwa galu wa makilogalamu 10 ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu. Tikamabwereza m'mawa ndi madzulo, m'chifu mumabuka zilonda zimene zimatuluka magazi, nthawi zina mpaka kubooka. Chimbudzi chakuda chija ndi magazi amene agayika m'matumbo. Kenaka impso zimafooka, galu nkumamwa madzi kwambiri kapena kusiyiratu kukodza.

Choopsa china ndi chakuti galu amene timamuthamangira ndi mapiritsi nthawi zambiri amakhala atafooka kale. Mwina akutsekula m'mimba, mwina nkhupakupa zamupatsa matenda a m'magazi, mwina watha masiku awiri osadya ndi osamwa. Thupi likakhala lopanda madzi okwanira, impso zimaonongeka msanga ndi mankhwalawa. Tionjezerenso za Indocid, amene ena amasakaniza ndi usipa kapena ufa pofuna kupha makoswe m'nkhokwe. Tiyeni tidzifunse: mankhwala amene timakhulupirira kuti amapha khoswe, angakhale bwanji abwino kwa galu? Ndipo nyambo yoteroyo ikasiyidwa poyera, woyamba kuidya ndi galu yemweyo, kapena mwana wokwawa.

“Koma wanga ndidampatsa ndipo adachira”

Mawu amenewa timawamva kawirikawiri, ndipo sitikuti amene amawanena ndi abodza. Nzoona kuti galu wamkulu akhoza kumeza piritsi limodzi nkupulumuka. Nzoonanso kuti madokotala a ziweto nthawi zina amapereka paracetamol kwa agalu. Koma iwo amayamba amuyeza kulemera, nkuona ngati chiwindi ndi impso zili bwino, nkuwerengetsa mlingo ndi masiku ake. Ife pakhonde tilibe sikelo, tilibe choyezera, timangoti, “Uyu ndi wamkulu, mpatseni awiri.”

Komanso tizikumbukira kuti mabala ambiri a agalu amapola okha. Galu akachira, ulemu timaupereka kwa piritsi. Akafa, timati wadyetsedwa poizoni ndi a pakhomo loyandikana nalo, kapena timati walodzedwa. Ndi milandu ingati yafika kwa a nyakwawa, ndi maubale angati asokonekera, chonsecho poizoniyo adachokera m'thumba la mwini galu yemwe? Kupulumuka kwa galu mmodzi si umboni woti mankhwalawo ndi abwino, monganso munthu amene adaoloka mtsinje wa Phalombe utadzaza sangatiuze kuti madziwo ndi osaopsa.

Dzanja m'kamwa mwa galu wodwala

Tsopano tifike pa mfundo imene ikutidetsa nkhawa kuposa zonse. Galu akakana kudya, piritsi silingalowe kudzera mu nsima. Ndiye timatani? Timamugwira, kumukanula kukamwa, nkulikankhira kukhosi ndi chala. Kawirikawiri ntchito imeneyi imagwera anyamata ang'onoang'ono, chifukwa ndi amene amagwirizana ndi galuyo.

Alimi anzathu, chiwewe sichibwera ndi ukali nthawi zonse. Pali mtundu wina umene galu amangofooka, nkubisala pamthunzi, chibwano chili lende, dovu likuchucha, akulephera kumeza, ngati kuti fupa lamuima pakhosi. Galu wotereyu ndi amene amatimvetsa chisoni kwambiri, ndipo ndi amene timafuna kumuthandiza ndi Panado kapena kumuchotsa “fupa” lija. Kachirombo ka chiwewe kamakhala m'malovu. Sipafunika kuti galu achite kuluma kwambiri ayi. Kukandidwa ndi dzino, kapena dovu kugwera pa bala la khasu kapena la chikwanje, nkokwanira.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pa anthu 100 ogwidwa ndi matendawa mpaka 99 amawatenga kwa agalu. Pafupifupi 40 pa 100 aliwonse mwa ofawo ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, palibenso mankhwala. Piritsi logula pa okala lisatigulitse moyo wa mwana.

Phunziro lochokera ku India

Kuti tione kuti mankhwala abwino kwa cholengedwa china akhoza kukhala imfa kwa chinzake, tiyeni timve zimene zidachitika ku India. M'zaka za m'ma 1990 alimi kumeneko adayamba kubaya ng'ombe zawo ndi diclofenac, yemweyu timamwa ife mafupa akamaphwanya. Ng'ombe zikafa, miimba inkadya mitembo yake monga mwa nthawi zonse, koma tsopano miimbayo idayamba kufa ndi matenda a impso. Pakati pa 1992 ndi 2007, mtundu wina wa miimba udachepa ndi zoposa 99 pa 100 iliyonse. Akatswiri adatulukira gwero lake mu 2004, ndipo mu 2006 boma la India lidaletsa kugwiritsa ntchito diclofenac pa ziweto.

Miimba itatha, mitembo ya ng'ombe inkangowolera pamtunda nkumaononga madzi, agalu osowa mwini adachuluka, ndipo vuto la chiwewe lidakula. Kafukufuku amene adatuluka mu 2024 adayerekeza kuti kutha kwa miimbaku kudaonjezera imfa za anthu pafupifupi 500,000 m'zaka zisanu zokha. Alimi aja sadali oipa mtima. Ankangofuna kuti ng'ombe zawo zisamve ululu, monganso ife ndi agalu athu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga galu akavulala titani?

Sitinganene kuti lekani, osanena choti muchite m'malo mwake. Pali zambiri zimene mlimi angachite pakhomo popanda piritsi. Galu wovulala mumuike pamthunzi, pa malo abata, pafupi ndi madzi abwino akumwa, ndipo ana asamusewere. Galu amene akumva ululu amaluma ngakhale mbuye wake, choncho musanakhudze bala mumange kukamwa kwake ndi kansalu mosathinitsa, pokhapokha ngati sakusanza kapena kuvutika kupuma. Bala mulitsuke ndi madzi owiritsa ozizira, mutasungunulamo kasupuni kamodzi kakang'ono ka mchere pa theka la lita, kawiri pa tsiku, ndipo muziliteteza ku ntchentche. Musathiremo oilo wakuda, palafini kapena mankhwala opopera mbewu. Ngati bala ndi lakuya, fupa lathyoka, kapena galu watha masiku awiri osadya, kauzeni mlangizi wa ziweto. Mankhwala a ululu opangira agalu alipo, monga meloxicam ndi carprofen, koma oyenera kupereka ndi a vetenale, atamuona galuyo.

Ngati galu wameza kale mapiritsi a anthu, kaya mwampatsa nokha kaya watola, musadikire kuti muone ngati adwale, chifukwa zizindikiro zimachedwa pamene m'kati zinthu zikuonongeka. Lekani kumupatsa ena, sungani pepala la mankhwalawo, kumbukirani kuchuluka kwake ndi nthawi imene wameza, ndipo funani thandizo tsiku lomwelo. Mankhwala othetsa mphamvu ya paracetamol alipo, koma amathandiza akaperekedwa msanga. Musamumwetse madzi a mchere wambiri kuti asanze, chifukwa mcherewo nawonso umapha. Mkaka ndi mafuta ophikira sizisukulutsa mankhwalawa.

Koma galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuchucha dovu, akulephera kumeza, akuluma zinthu wamba kapena miyendo yake yafa, musamugwire konse. Mutsekereni ngati nkotheka kutero osamukhudza, thamangitsani ana, ndipo dziwitsani a mfumu ndi ofesi ya ziweto. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke pamalopo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo. Asadikire kuti aone zimene zichitikire galuyo.

Pempho lathu kwa adindo

Tikanena zoona, mlimi sapatsa galu Panado chifukwa cha umbuli wokha. Amatero chifukwa golosale ili pa mtunda wa mphindi zisanu, pamene mlangizi wa ziweto ali kutali, ali ndi midzi yambiri yoti ayendere, ndipo kukamupeza kumafuna ndalama ya kabaza. Kungodzudzula mlimi osakonza zimenezi nkuthira madzi m'dengu. Nchifukwa chake ife ngati bungwe tikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, nthambi yoona za umoyo wa ziweto mu unduna wa zamalimidwe, pamodzi ndi khonsolo ya Phalombe, ionetsetse kuti m'madera onse a zaulimi, kuyambira ku Naminjiwa, Waruma, Tamani, Kasongo, Mpinda mpaka ku Nkhulambe, muli alangizi a ziweto okwanira, okhala ndi njinga ndi mankhwala. Sukulu ya Mikolongwe imaphunzitsa alangizi otere, ndipo koleji ya Bunda ya LUANAR idatulutsa madokotala a ziweto oyamba ophunzitsidwa m'dziko muno mu 2019. Tikufuna ena mwa ana athu ophunzirawa afike kuno kumidzi, asathere m'mizinda mokha.

Chachiwiri, alangizi akhale ndi masiku odziwika opezekera pa misika ngati ya Migowi ndi Chiringa, kuti mlimi wobwera kudzagulitsa mbewu athe kufunsa za mbuzi, nkhuku ndi galu wake pa ulendo umodzi. Nambala za foni za alangizi zikhomedwe pa ofesi ya zaulimi ndi kwa mafumu.

Chachitatu, katemera wa chiwewe azifika m'mudzi uliwonse chaka ndi chaka. Zimenezi nzotheka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, lidatemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 aliwonse akamalandira katemera, chiwewe chimaleka kufala. Tsiku loti abwera lizilengezedwa nthawi ikadalipo kudzera m'matchalitchi, m'mizikiti, m'sukulu ndi m'makalabu athu, ndipo pamalo otemera pomwepo pazikhala phunziro la mphindi zochepa la kuopsa kwa mankhwala a anthu kwa ziweto. Tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, 28 Sepitembala, lisamangothera pa wailesi.

Chachinayi, bungwe loyang'anira mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lilimbikitse kuyendera malo ogulitsira mankhwala kumidzi, makamaka kumene mapiritsi amagulitsidwa opanda pepala lake, atakulungidwa m'kanyuzipepala. Nawonso eni magolosale ndi maokala, amene ambiri ndi mamembala athu omwe, tikuwapempha kuti munthu akati akugulira galu, amuuze mwaulemu kuti ayi, awa si ake.

Udindo wathu

Pamene tikudikira kuti adindo ayankhe, ife tisakhale manja lende. Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha apampando ndi alembi a makalabu onse kuti awerenge nkhani ino pa msonkhano ukubwerawu, kuti ndi amene sadziwa kuwerenga amve. Kalabu iliyonse isankhe munthu mmodzi wosunga nambala ya mlangizi wa ziweto ndi kulemba agalu a mamembala, otemera ndi osatemera. Makalabu amene ali ndi banki mkhonde akhoza kupatula kandalama kochepa kothandizira ulendo wa mlangizi pakagwa vuto la chiweto. Mlangizi akabwera kudzaona mbuzi za kalabu, aonenso agalu tsiku lomwelo. Ndipo pakhomo, mapiritsi azisungidwa pamwamba, m'chitini chotseka, kumene galu ndi mwana sangafike.

Tisaiwalenso kuti matenda ambiri a agalu amayamba ndi zinthu zopeweka: nkhupakupa, njoka za m'mimba, njala, ndi misampha imene ena amatchera m'nkhalango ya phiri motsutsana ndi malamulo. Galu wodya bwino, wotemera, wosayendayenda, sadwaladwala.

Bambo aja a ku Fort Lister adatsiriza nkhani yawo ndi mawu akuti akadadziwa akadangotsuka bala nkumusiya galu apume. Ife tsopano tadziwa. Safunsa adadya phula. Galu wanu akadwala, funsani kaye amene adaphunzira za ziweto, ndipo Panado mumusiye m'chitini kudikira mutu wanu.